Nkhuku Yothokozera a Banki

Uthenga unandipeza ndikupinda mashiti. Ndinali m'chipinda chochapira, ku nyumba ya okalamba kumene ndagwirako ntchito zaka zonsezi, makina akulira, nthunzi ili tolo, foni n'kuyamba kunjenjemera m'thumba la epuloni. Anali mwana wanga Tiyanjane. Mawu ake anali ngati a munthu amene wakwera phiri chothamanga.

"Amayi, avomera. A banki avomera. M'nyumba muja sitituluka."

Shiti ndinaiponya pansi. Ndinaimba nthungululu m'dziko la eni, pakati pa makina a eni, mpaka nesi wina anabwera chothamanga poganiza kuti munthu wapsa ndi ayironi. Anandipeza ndikuvina nditakumbatira pilo. Ndimaimba kuti nyumba yanga ine, nyumba yanga, panja sindigona, adzukulu anga panja sagona. Nesiyo sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma anawomba nawo m'manja.

Uthenga umenewo unali wabodza. Tiyanjane sanadziwe, ine sindinadziwe. Tinavinira bodza, mayi ndi mwana, wina ku ntchito wina kunyumba.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Sukulu ndinalekera pomwe munthu amadziwa kulemba dzina lake ndi kuwerenga nyimbo za m'buku. Kuno ku Dublin ndinabwera ndi Tiyanjane akadali mtsikana, bambo ake atamwalira. Tinafikira mu hositelo ya anthu odikira mapepala. Chipinda chimodzi mabanja awiri, pakati nsalu. Ntchito osaloledwa, kuphika osaloledwa. Mbatatesi masana, mbatatesi madzulo, mbatatesi yoponda, mbatatesi yokazinga. Kuseri kwa nsalu ija kunkagona Amake Misozi, mayi wa ku Chipata, wamfupi, wapakamwa pakuthwa. Ndikayamba kulira ankakoka nsalu n'kusuzumira.

"Manje imwe, mukalira mbatatesi izasanduka nyama? Idyani chabe."

Kuyambira pamenepo ndi m'bale wanga.

Mapepala atatuluka ndinayamba kukolopa maofesi ku Mulhuddart, m'mawa eni ake asanafike. Basi yoyamba inkakhala yathu yokha, akuda ndi a ku Poland, tonse tikusinza, mvula ikumenya pagalasi. Kenako ndinapeza malo ochapa aja. Ndachapa mashiti a agogo a eni, ndasita malaya a anthu amene ana awo sabwera kudzawaona, ndapinda majuzi a anthu amene anamwalira dzulo lake.

Zimene ndinkapeza ndinkatumiza kwa achimwene anga kuti azindimangira nyumba kumudzi. Zithunzi zinkabwera pa foni: maziko, njerwa, mawindo, malata. Ndinkaonetsa aliyense m'basi. Ulendo woyamba nditapita kumudzi, nyumba ndinaipeza, yokongola ndithu. Munali mkazi wachiwiri wa achimwene, makatani ake, ana ake. Ine anandiyalira mphasa m'chipinda chosungiramo chimanga. Nditafunsa, achimwene anaseka.

"Achemwali, inu muli ku Ulaya. Nyumba ya kuno muchita nayo chiyani, muinyamula pa ndege?"

Ndinabwerera ku Dublin nditadziwa kuti kwathu kwasuntha.

N'chifukwa chake nyumba yathu ya ku Balbriggan, kunja kwa Dublin, si nyumba wamba kwa ine. Tiyanjane ataphunzira ntchito yosamalira okalamba tinapita ku banki kukapempha mogeji. Mogeji ndi ngongole ya nyumba: banki imakugulira, iwe n'kumabweza mwezi ndi mwezi, ukaphonyaphonya nyumba amatenga. Malipiro a Tiyanjane okha sanakwane, anaphatikiza anga. Ndinalemba dzina langa pamenepo pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo, cholembera chikuterereka ndi thukuta. Kanyumba kakang'ono, mphepo ya kunyanja imalowera pansi pa chitseko, sitima ya m'tauni timaimva ikamadutsa. Kuseri ndinadzala mpiru, unamera. Chimanga chinakana. Adzukulu anga awiri, Takondwa ndi Yamikani, anaphunzirira kuyenda pa masitepe ake. Ndikawayankhula Chichewa amamva, koma amayankha Chingerezi chothamanga ngati sitima ija.

Ndiye tsoka linabwera lili ndi anzake. Bambo wa anawa anapita ku Mangalande kukafuna ntchito, anapeza mkazi. Tiyanjane anathyoka msana ponyamula gogo wina wamwamuna, n'kukhala pansi miyezi. Nthawi yomweyo banki inakweza zolipira pamwezi. Tinaphonya. Tinaphonyanso. Makalata anayamba kugwa pakhomo.

Sitinauze munthu. Ku Misa tinkapita titatchena, nsapato zowala, duku lowuma ndi sitachi. Munthu wa nyumba yakeyake ku Ayalandi anene kuti zamuvuta? Ngakhale Amake Misozi sindinawauze.

Bambo Fedisoni tinakumana nawo pa maliro ku Ballymun. Mnzathu wina anali atamwalira, tinasonkhana kusonkha zotumizira thupi kumudzi. Iwo anafika atavala suti, anaponya chipepeso chooneka, kenako anavula jekete n'kuyamba kunyamula mipando. Atafika pa ine ananjuta, dzanja lamanzere litagwira chigongono cha lamanja, monga mwana woleredwa bwino.

"Amayi, mwaswera bwanji? Pepani ndi zovutazi."

Zaka zonsezi kuno palibe mwamuna wa suti anali atandinjutirapo. Pocheza ananena kuti amagwira ntchito yokambirana ndi mabanki, ndipo anthu athu ambiri mogeji ikuwakola koma amangofera mumtima. Ananena mongodutsa, maso ali kwina. Tiyanjane anatenga nambala yawo anthu asakuona.

Atabwera kunyumba anavula nsapato pakhomo. Anakana kukhala pampando ine ndisanakhale. Tiyi anamwa atagwira kapu ndi manja awiri.

"Amayi, vuto lanu ndi laling'ono. Banki itha kutsitsa zolipira pamwezi, ndachitira ambiri. Koma azunguwa mukamayankhula nawo nokha amakutcherani msampha. Liwu limodzi lolakwika, nyumba yapita. Akaimba foni musayankhe. Makalata akabwera musatsegule, muzindisungira, ndizidzatenga."

"Nanga ya pamwezi?" anafunsa Tiyanjane.

"Muziponya ku akaunti ya kampani yathu, achemwali. Ife tiziwapatsa tikamakambirana nawo, kuti aone kuti kumbuyo kwanu kuli anthu. Pali kenakake koyambira ntchito, kameneko ndi koyambirira. Ndipo chonde, musauze anthu. Mukutidziwa a Malawi. Mukauza mmodzi lero, mawa ku Ntcheu akudyera nkhani yanu."

Apo anandikhudza pabala. Ndinaona achimwene anga atakhala pakhonde la nyumba ija akuseka. Ndinati, bambo, Mulungu ndiye wakutumani.

Nyengo yozizira yonse tinadyetsa akaunti imeneyo. Ndinatenga mashifiti a Lamulungu, Misa n'kumaphonya. Zala zinatupa, mawondo analira. Foni ya banki ikalira tinkangoiyang'ana mpaka itatopa. Bambo Fedisoni ankabwera, kutenga makalata, kugawira ana maswiti, n'kunena kuti zikuyenda, amayi, zikuyenda.

Ndiye linafika tsiku la pilo lija. Madzulo ake Tiyanjane anandifotokozera bwino. Banki yavomera, anatero Bambo Fedisoni. Patsala pepala limodzi lokha: nyumba ilembedwe kaye m'dzina la kampani yawo kwa kanthawi, kuti a banki asasinthe maganizo n'kuikhudza. Tisaine tonse awiri. Abwera nalo Loweruka.

Ndinati Loweruka lomwelo kukhale phwando. Tinaitana anthu a ku tchalitchi, tinangoti bwerani tidzathokoze Mulungu, chifukwa chake osatchula.

Koma mtima wanga sunakhazikike. Kwathu munthu akakukhululukira mlandu suthokoza uli kutali. Umanyamuka ndi miyendo yako, nkhuku m'khwapa, n'kukakhala pansi pakhomo pake. Wokuyankhulira umamuthokoza, mwini wake wokhululukayo umamuthokozanso. Amayi anga anandilera choncho. Ndinaimbira Bambo Fedisoni.

"Bambo, mumakhala kuti? Ndikufuna ndikubweretsereni kankhuku."

Anaseka. "Amayi, musavutike. Yanga ndidzadya Loweruka."

"Nanga a banki aja? Amene atimvera chisoniwo?"

"Amenewo asiyeni. Azungu sadziwa zimenezo."

Ndinayankha kuti chabwino, koma mawu amenewo sindinawameze. Anthu a kuno potsika basi amathokoza dalaivala, wina aliyense, ngakhale mnyamata woledzera. Anthu othokoza dalaivala asadziwe zikomo? Kuyankhula ndi banki anatiletsa mlandu uli mkati. Mlandu watha. Ndipo ine sindimapita kukakambirana, ndimapita kukagwada.

Nkhuku yamoyo kuno sungayende nayo. Ndinagula yolimba ija ku shopu ya anthu a ku Nigeria, yofanana ndi yakumudzi, ndinaiphika mpaka inagonja, ndinaikazinga mpaka inafiira. Ndinaikulunga, kuika m'dengu, pamwamba chitenje chatsopano. Tiyanjane anali atapita ku chipatala cha msana. Chingerezi changa ndi cha mashiti ndi sopo, ndiye ndinaitana Amake Misozi kuti akanditanthauzire. Panjira ndinawauza zonse, koyamba.

Anaima pakati pa msewu. "Imwe, miyezi yonse iyi munali kuvutika, ine osaniuza?"

"Manyazi, amake mwana."

"Manyazi kwa ine, amene nakuonani mulira na mbatatesi m'kamwa? Manje nkhuku ku banki. Azatiitanira apolisi."

"Awaitane. Nawonso adyako."

Mu banki munali mzere. Fungo la nkhuku linayamba kuyenda, anthu n'kumatembenuka. Itafika nthawi yathu tinapeza mayi wa imvi zometa, magalasi a chingwe. Pachifuwa panali dzina, Amake Misozi anandiwerengera: Birijita. Ndinati dzina la sisitere amene anandiphunzitsa katekisimu, zonse zikugwirizana.

Ndinaika dengu pansi, ndinagwada. Mawondo analira koma ndinagwada. Ndinawomba m'manja. Ndinati, mayi, ndabwera kudzathokoza. Munali ndi mphamvu yotitulutsa, simunatitulutse. Munali ndi mphamvu yokiya chitseko, simunakiye. Adzukulu anga agona m'nyumba chifukwa cha inu. Ndilibe ng'ombe, ndilibe mbuzi, ndabwera ndi kankhuku.

Amake Misozi ankatanthauzira kumbuyo kwanga. Birijita anafiira nkhope, anatuluka kuseri kwa galasi, anandidzutsa ndi manja ake. Ankaseka, maso ali ndi misozi. Anati chiyambire ntchito sanaonepo zotere. Anapempha khadi langa kuti aone amene anatithandiza, akamufikitsire zikomoyo.

Anayang'ana pa kompyuta. Kuseka kunatha. Anavala magalasi, anayang'ananso. Anati tiyeni m'kachipinda.

M'kachipindamo anaimba foni kwa anzake oona za anthu ophonya ngongole. Anayankhula nthawi, akugwedeza mutu. Ataika foni anatembenukira kwa ine n'kuyamba kuyankhula pang'onopang'ono. Ndinadikira mawu a Amake Misozi. Sanabwere. Pakamwa pakuthwa paja panali pongoyasama.

"Tanthauzirani."

"Imwe..."

"Tanthauzirani, amake mwana."

"Akuti kulibe chimene avomera. Akuti kulibe munthu anabwera kukupempherani. Fedisoni samudziwa, kampani yake saidziwa. Ndalama yanu siinalowe kuno kuchokera nthawi ya mphepo. Akhala akukufunani pa foni, pa makalata, imwe zii. Akuti nkhani yanu ili pafupi kupita ku khoti."

Sindinagwe. Sindinalire. Makutu anangotseka, ngati m'ndege ikamatsika. Ndinayang'ana dengu patebulo, chitenje chija chamaluwa achikasu, kanthunzi kakutulukabe m'mbali. Ndinati mwina alakwitsa dzina. Anabwerezanso dzina langa, dzina la Tiyanjane, nambala ya nyumba, msewu. Zonse zathu. Ndinati mwina ndalama ili m'njira. Birijita anapukusa mutu.

Anafunsa ngati tasainapo pepala lopereka nyumba kwa munthu.

Ndinati, Loweruka.

Mayi uja anagwira dzanja langa mwamphamvu, zala zake zozizira. Mawu amene ananena ndinawamva ndekha popanda wotanthauzira: tisasaine. Ena onse Amake Misozi anandipatsira. Akuti nyumba ikalembedwa dzina la wina ndi ya winayo, ngongole yokha ndi imene imatsala yanu. Akuti kupempha banki kuti isinthe kalipiridwe n'kwaulere, munthu amapempha yekha. Akuti amene akukuuza kuti usayankhule ndi banki yako akufuna ukhale mumdima. Akuti kuli ofesi ya boma yothandiza anthu a ngongole, salipiritsa kanthu, tipiteko. Ndipo tipite ku polisi.

Potuluka ndinamukankhira dengu. Anati pepani, malamulo a ntchito salola kulandira mphatso. Ndinainyamulanso nkhuku yanga. Popita inali yopepuka.

Tinakakhala pa benchi kudoko, pansi pa mlatho wa sitima. Mbalame za kunyanja zinamva fungo n'kuyamba kutizungulira, Amake Misozi akuzithamangitsa ndi ambulera. Ine ndimangoona dzanja lija la Bambo Fedisoni litagwira chigongono. Nsapato zija pakhomo. Kapu ija m'manja awiri. Munthu wanyamula mipando pa maliro, maso ali pa amene wafooka. Ulemu wonse umene amayi ake anamuphunzitsa anausandutsa khasu lokumbira pansi pa nyumba yanga. Akanakhala mzungu wa foni ndikanakayika. Koma anandiyankhula m'chinenero chimene ndimapempherera.

Tiyanjane ndinamupeza atabwera. Nditangoti ndinapita ku banki, anadzuka msana wothyoka womwewo.

"Amayi, mwatani? Anatiletsa. Mwawononga zonse ndi nkhuku yanuyo."

"Imba wekha ku banki."

"Amayi, inu zinthu za kuno simu..."

"Imba, mwanawe. Ine sukulu ndilibe, mwina ndamva molakwa. Imba, ndikhale wolakwa ine."

Anaimba, koyamba chiyambire nyengo yozizira. Anayamba ali chiimire, anamaliza atakhala pa masitepe. Foni inatsetsereka n'kugwa. Anandiyang'ana manja otupawa.

"Ma Sande onse aja, amayi. Ndinakusiyitsani Misa kuti muzidyetsa mbava."

Ndinakhala naye pa sitepe yomweyo. Nkhuku ija tinadya madzulo, ana akuti yakoma.

Ku polisi tinapita. Ku ofesi yaulere ija tinapita, tinapeza mayi wofatsa amene sanatidabwe ngakhale pang'ono. Anatilangiza kuti Bambo Fedisoni akaimba tiwauze kuti pepala lija loya aliwerenge kaye. Anaimbadi, mawu okoma ngati kale, kufunsa ngati amayi adzuka bwino. Tiyanjane atangotchula loya, foni inaduka. Sinalirenso.

Tiyanjane anafuna kuti phwando tilephereze.

"Tinene kuti mwadwala. Anthu adzatiseka, amayi. Ine wophunzira, kuberedwa ngati mwana."

"Wakubera ndi chiyani? Mfuti anali nayo?"

"Ayi."

"Mpeni?"

"Amayi, mukudziwa."

"Anangoti musauze anthu, ife n'kutseka pakamwa. Chida chake chinali manyazi athu. Ndiye timusungirenso chida chakecho?"

Loweruka anadzuka n'kuyamba kusenda anyezi.

Anthu anabwera, nyumba inadzaza mpaka pa masitepe. Mpando umene ndinakonzera Bambo Fedisoni, wa nsalu yoyera, unali pomwepo wopanda munthu. Atadya, Abambo Matiyasi, wansembe wathu wa ku Dedza, anati tsopano amayi atiuze chimene tikuthokozera.

Ine nkhani yolemera sinditha kuinena chonena. Imatuluka ndi nyimbo. Ndinaimirira n'kuyamba ndi kayimbidwe kathu ka amayi, kotsogola wina ena n'kumavomera. Ndinaimba za msana wa Tiyanjane, anavomera. Ndinaimba za makalata pakhomo, anavomera motsitsa. Ndinaimba za nkhuku pa mzere wa banki, anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Ndinaimba kuti a banki anati munthuyo sitimudziwa. Ndinaloza mpando woyera uja n'kutchula dzina.

Palibe anavomera.

Mayi Kachingwe a ku Mulhuddart, otsogolera kwaya, amene mawu awo sanaphonyepo, anaika mbale pansi n'kulowa kukhitchini. Tinamva akulira ngati pafika uthenga wa maliro. Amuna awo anaimirira, chipewa akuchipotokola m'manja.

"Ifenso," anatero. "Ife pepalalo tinasaina kale."

Kenako pakona a Jere, bambo wamasiye woyendetsa basi, anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. Anati kwawonso Bambo Fedisoni amabwera, amavula nsapato pakhomo. Anachisale a ku Ballymun anaphimba nkhope ndi duku, anati iwo anali atangopereka koyambira ntchito kaja.

Ndinayang'ana anthu amenewa. Lamulungu lililonse limene ndinkapita ku Misa tinkakhala benchi imodzi, kupatsana moni wa mtendere, kufunsana mwadzuka bwanji, tadzuka bwino kaya inu. Aliyense atabisa munthu mmodzi yemweyo pansi pa duku. Ine ndinkadziyesa ndekha, iwo ankadziyesa okha. Zimenezi zinandizizira kuposa za ku banki zija.

Amake Misozi anaimirira. Anatenga mpando woyera uja, anaupinda, anautulutsa panja pa mvula.

"Manje tadziwana. Mande tonse ku ofesi, basi imodzi. Ba Jere, muzatiyendetsa ndimwe."

Zotsatira zake zinali zazitali ndi zotopetsa. Mayi wa ku ofesi yaulere anakhala nafe pansi, anaona zimene timapeza ndi zimene timadya, anayenda nafe mpaka ku banki. Foni ya banki ikalira tsopano ndinkathamangira ndine, kunena dzina langa n'kuti ndilipo, sindinathawe. Makalata tinkatsegula tsiku lomwelo, patebulo, tonse tikuona. Zimene tinaponya kwa Bambo Fedisoni sizinabwerere. Apolisi akuwafunabe, ndipo akuti dzinalo mwina si lawo n'komwe. A Kachingwe nkhani yawo ili ku khoti, loya akulimbana nayo. M'nyumba mwawo akadalimo, koma Mayi Kachingwe anaonda, ndipo akamatsogolera nyimbo mawu amanjenjemera pamwamba.

Uthenga weniweni sunabwere pa foni ya munthu. Tinakaumva tokha, ine ndi Tiyanjane, m'kachipinda komwe kaja, mpiru utaphukanso kuseri kwa nyumba. Banki inawonjezera zaka, inatsitsa za pamwezi kufika poti tingathe. Birijita atanena, sindinavine. Ndinafunsa kuti wanena ndani. Anati banki. Ndinati banki yake iti. Anati ino. Ndinati ndionetseni dzina langa. Anatembenuza kompyuta, ndinaliwerenga ndekha, chilembo ndi chilembo, monga ndinalilembera.

Ngongoleyo ndidzafa ndisanaimalize, ndikudziwa. Koma ndidzafera mkati, chitseko chili changa. Ndinaimirira, ndinamanga chitenje, ndinaimba nthungululu mu banki ya eni mpaka mlonda anavula chipewa.

Phwando lachiwiri tinanena poyera chifukwa chake. Ndinaima pakhomo ndekha kulandira anthu, ndipo aliyense wolowa ndinamuimba dzina.

Analowa Amake Misozi, ambulera m'manja, Misozi wawo ali pambuyo ndi mwana kumsana. Analowa Abambo Matiyasi, ananyamula madzi odalitsa kuwaza zitseko zonse mpaka cha bafa. Analowa a Jere atavala yunifolomu ya basi, poti anachokera ku shifiti. Analowa Anachisale, duku lili pamutu osati pankhope. Analowa a Kachingwe ndi akazi awo, tinawakhazika pakati, tinawagawira oyamba, poti yawo sinathe ndipo sitidzawasiya okha. Analowa Nambewe wa ku saluni, Esinati ndi Rozina a ku kwaya, a Mbendera ndi gitala wawo wa zingwe zosakwana, Agnieszka mnzanga wa m'basi ya m'mawa, ndi nesi uja amene anandiwombera m'manja tsiku la pilo, dzina lake Marisel. Takondwa ndi Yamikani anali pa masitepe awo. Tiyanjane anali pambali panga, ataima mowongoka.

Womaliza kulowa anali Birijita, wopanda dzina pachifuwa, atavala juzi la kunyumba. Anati lero sali pa ntchito, malamulo atsala ku banki. Ndinamukhazika pampando, ndinagwada, mawondo analira, ndinamuikira mbale m'manja. Nkhuku yolimba, ya mtundu womwe uja, analimbana nayo ndi foloko, inamukanika, anaika foloko pansi, anagwira ndi manja. Anamaliza ntchafu yonse, n'kupempha ina.